Kukagula Chinanazi Patsinde pa Phiri la Mulanje

Amayi anzanga, mvula yoyamba ikagwa ndipo mwezi wa Disembala ukayandikira, misika ya m'Limbe ndi m'Blantyre imayamba kununkhira chinanazi. Mumachiona chitaunjikidwa m'milumilu m'mbali mwa msewu, china chili m'madengu pamitu ya amayi, china chomangidwa kumbuyo kwa njinga. Mukafunsa kumene chachokera, wogulitsa amayankha monyadira kuti, "Cha ku Mulanje ichi, mayi," ngati kuti dzina lokhalo ndiye shuga. Komatu si chinanazi chilichonse cha ku Mulanje chimene chimatsekemera chikafika m'mbale. Alipo amayi ambiri amene anatapa pa ndalama ya ndiwo kuti asangalatse ana kapena alendo, koma pochisenda napeza choyera mbuu, chowawasa ngati ndimu. Ena nachisunga sabata yathunthu kudikira kuti chipse, nachipeza chitaola. Tsono sabata ino ndifuna tinyamukire limodzi kupita kumene chipatsochi chimabadwira, pakuti munthu amene waona munda wake savutikanso posankha pamsika.

Kuchokera ku Limbe njira zilipo ziwiri. Ina ndi yodzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza, yokhotakhota pakati pa minda ya tiyi. Ina ndi ya Midima, yodutsa pa Nkando, ndipo ndiyo yachidule, mtunda wa makilomita pafupifupi 70. Zonse ziwiri zimakufikitsani pa Chitakale, kenaka pa boma. Kwerani minibasi ya m'mamawa, mitambo isanaphimbe phiri, kuti mulione bwino likutuluka m'chigwa lokhalokha, mathanthwe ake akuda atanyowa ndi madzi otsetsereka. Nsonga yake yotchedwa Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena m'Malawi muno oposa pamenepo. Kumwambako n'kumene kumamera mkungudza, mtengo wa fuko lathu, ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalemba phirili m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse lapansi. Koma ife lero sitikukwera phiri ayi. Nkhani yathu ili kutsinde kwake.

Mukapitirira pa boma kulowera ku Muloza, kumalire ndi Mozambique, mtunda wa makilomita ngati 30, khalani mbali ya kumanzere kwa galimoto. Kumeneko mudzaona tiyi wobiriwira atayala ngati mphasa, ndipo pamwamba pake, pamene phiri layamba kukwera, pali midzi ndi timinda ta anthu. Ndi m'timinda timeneto, m'madera a Mfumu Mabuka ndi Mfumu Njema, mmene mumachokera chinanazi chambiri chimene mumadya m'tauni. Phirili limatchinga mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja ya mchere, kotero kuti mbali ya kummwera imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka, ndipo ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumagwa mvula yowaza ija timati chiperoni. Dothi lake ndi lofiira, losasunga madzi, ndiponso lowawasa monga anenera alangizi a zaulimi. Dothi lotere ndilo limene tiyi amakonda, n'chifukwa chake anayamba kumudzala kuno m'chaka cha 1891. Chinanazi nachonso chimakonda lomwelo. Malo abwino achidikha anatengedwa kalekale ndi maesiteti a tiyi, ndipo anthu ambiri anatsala ndi zitunda zotsetsereka zimene chimanga sichichita bwino. Pamalo oterowo chinanazi ndicho chimagulira banja mchere, sopo ndi makope a ana.

Tsikani, mupemphe mwini munda kuti akuonetseni. Valani chitenje chochindikala, pakuti masamba ake ndi osongoka ngati a khonje ndipo ena ali ndi minga m'mbali. Amene sanaonepo amaganiza kuti chinanazi chimabala mumtengo kapena pansi ngati chinangwa. Iyayi. Chomera chake n'chachifupi, cholekeza m'chiuno, ndipo chipatso chimakhala pakati penipeni, pamwamba pa phesi limodzi, chitavala tsumba lake ngati mfumu. Mbewu yake si njere. Mlimi amadzala ana ophuka m'mbali mwa tsinde, kapena tsumba lomwelo la pamutu pa chipatso. Akadzala amadikira chaka ndi theka, mwinanso zaka ziwiri, asanadule kanthu. Nthawi ikakwana pakati pa masamba pamatuluka kamutu kofiira, ndipo pa kamutuko pamachita timaluwa tofiirira tokwana 100 kapena 200. Diso lililonse limene mumaona pa khungu la chinanazi linali duwa palokha, ndipo maluwa onsewo amaphatikana n'kukhala chipatso chimodzi. Kuchokera pa duwa kufika pakupsa pamapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Tsinde limodzi, chipatso chimodzi basi. Chachiwiri chidzachokera kwa mwana wake, ndipo kawirikawiri chimacheperapo.

Kunena zoona chipatsochi n'chobwera. Kwawo kwenikweni ndi ku South America, kumadera a Brazil ndi Paraguay. Azungu anayamba kuchiona m'chaka cha 1493, pamene Christopher Columbus anafika pa chilumba cha Guadeloupe, ndipo m'zaka za m'ma 1500 Apwitikizi anachinyamula m'zombo zawo kupita nacho m'magombe a Africa ndi India. Eni ake kumeneko ankachitcha nanas, Apwitikizi nati ananás, Aswahili nati nanasi, ife nkuti nanazi kapena chinanazi. Mukaima pa Muloza n'kumva anzathu a ku Milange akuchitchula, mudzazindikira kuti dzinali ndi limodzi ndithu.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ife amayi tinazolowera nthochi. Timadula mkoko wauwisi, kuuvundika m'masamba kapena m'thumba, ndipo pakapita masiku timapeza nthochi zotsekemera. Papaya, mango ndi mapeyala nazonso zimapsera m'nyumba. Zimatheka chifukwa nthochi yaiwisi ili ndi chakudya chonga ufa m'kati mwake, chimene chimasanduka shuga pang'onopang'ono ngakhale itachoka pa tsinde. Chinanazi chilibe nkhokwe yotere. Shuga wake amachokera m'masamba ndi m'tsinde la mayi wake, kudzera m'phesi, ndipo wambiri amalowa m'masabata omaliza chisanadulidwe. Mpeni ukangodutsa pa phesi, njira ya shuga yatsekeka. Mukachisunga m'nyumba khungu lidzasintha ndithu kukhala lachikasu, mnofu udzafewa, kuwawasa kudzachepako pang'ono, koma shuga sadzawonjezekera ngakhale kadontho. Chimene chinadulidwa chosakhwima chidzaola chili chosatsekemera. Kuchivundika m'thumba la ufa, kuchiika padzuwa, kuchigoneka pamodzi ndi nthochi, zonsezo n'kutaya nthawi chabe.

Nanga n'chifukwa chiyani mlimi amene wadikira zaka ziwiri amalephera kudikira masabata awiri otsala? Musafulumire kumuweruza. Ogula mopikula ochokera kutali, monga ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, amafuna cholimba chimene chingapirire m'lole masiku angapo. M'munda muli anyani ndi makoswe amene amamva fungo la chakupsa msanga kuposa mwini wake, ndipo akuba nawonso samagona. Kuwonjezera apo, chinanazi chimachuluka m'miyezi imene m'nyumba zambiri ufa wayamba kutha, feteleza akufunika, ndipo sukulu ili pafupi kutsegulidwa. Munthu akabwera ndi ndalama m'manja, mayi wa ana asanu amadula. Chotero pamsika pamafika zosakaniza, zokhwima ndi zosakhwima mulu umodzi, ndipo udindo wosankha umagwera inu.

Tiyeni tsono pa Limbuli, msika waukulu wa kufupi ndi malire, kumene zokolola za mbali zonse ziwiri zimakumana. Ngati simufika kutali chotero, amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu pa Chitakale ndi pa boma ali nazonso zambiri. Musayambe ndi kufunsa mtengo. Perekani moni, mugwade pafupi ndi mulu, ndipo munyamule chimodzi.

Mboni yoyamba ndi mphuno. Tembenuzani chinanazi, mununkhize kunsi kumene kunali phesi, osati kutsumba. Chinanazi chimayamba kupsa kuchokera kunsi kukwera kumwamba, choncho uthenga wonse uli kumeneko. Chakupsa bwino chimatulutsa fungo lokoma, lozuna, losachita kufunafuna. Chimene sichikununkhira kanthu chinadulidwa msanga, chibwezereni pa mulu. Chimene fungo lake likulasa m'mphuno ngati mowa wa masese kapena thobwa logonetsa chapitirira, chayamba kusasa m'kati, ndipo mukaonetsetsa mudzapeza tintchentche tating'ono tikuzungulira. Ine ndimakhulupirira mphuno kuposa maso, chifukwa maso amanyengeka. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kenaka yesani kulemera kwake. Nyamulani ziwiri zofanana msinkhu, china dzanja ili china dzanja ilo. Cholemera ndicho chili ndi madzi ambiri. Chopepuka chimakhala chouma m'kati, cha mphako, kapena chagonera masiku pamsika. Kukula kokha sikunena kanthu, pakuti kachinanazi kakang'ono kokhwima kamaposa chachikulu chosakhwima. Chigwireni m'manja n'kuchisindikiza pang'ono ndi chala: chiyenera kukhala cholimba koma chovomera pang'ono. Cholimba gwa ngati mwala n'chachiwisi. Chimene chala chikulowa, kapena chimene chikudontha madzi m'maso mwake, chatha ntchito. Ena amachigogoda ndi chala n'kumvetsera. Chabwino chimalira mogonthera ngati mwagogoda pa mkono wanu, pamene chosakhwima chimalira ngati chikho chopanda kanthu. Luso limeneli limafuna kuzolowera, ndipo amayi a ku Mulanje amalidziwa kuyambira ali atsikana.

Za mtundu wa khungu n'zimene zimasokoneza ambiri. Yang'anani kunsi: ngati mizere iwiri kapena itatu ya maso yayamba chikasu, chinanazicho chinakhwimira m'munda, ngakhale kumwamba kukali kobiriwira. M'nyengo yotentha ya Disembala ndi Januwale chimatha kupsa m'kati khungu likadali lobiriwira ndithu, kotero musachikane chifukwa cha mtundu wokha ngati fungo lilipo. Koma chimene chimapezeka m'miyezi yozizira chimakhala chowawasirapo, ndipo chimenecho muzisankha chachikasu kwambiri. Khungu lofiirira ngati dothi, lokwinyika, ndi chizindikiro cha ukalamba. Onaninso maso ake. A chokhwima amakhala otambasuka, aphwatalala, odzaza, pamene a chosakhwima amakhala ang'onoang'ono ndi osongoka, makamaka kufupi ndi tsumba. Mukaona mbali imodzi yoyezuka ngati yapserera, dziwani kuti chinagwera chammbali m'munda ndipo dzuwa linachiwotcha. Mnofu wa pansi pa malo amenewo sukoma ndipo ndi pamene kuola kumayambira.

Pamulu mudzaona mitundu iwiri. Pali chachikulu, cha masamba osalala opanda minga yambiri, cha maso osazama ndi madzi ochuluka, chimene alangizi amachitcha Smooth Cayenne. Chimenechi n'chabwino pa banja lalikulu, pofinya madzi akumwa ndiponso pophika jamu. Palinso chaching'ono, cha tsumba laminga, cha maso akuya ndi mnofu wachikasu kwambiri, cha mtundu wa Queen. Chimavuta kusenda ndipo mpeni umataya mnofu wambiri pochotsa maso, koma fungo ndi kutsekemera kwake n'kosaiwalika, komanso chimapirira ulendo kuposa chinzakecho.

Pali mwambo wina umene ndifuna tiusiye. Amayi ambiri amafika pa mulu n'kuyamba kuzula tsamba la pakati pa tsumba, amvekere likazuka msanga ndiye kuti chapsa. Zimenezi sizoona. Tsamba limazuka msanga ngakhale pa chinanazi chimene changofota chifukwa chokhalitsa, ndipo pamene mwazulapo pamatsala bala lolowera madzi ndi nkhungu. Taganizani mayi amene wasenza dengu kutsika nalo phiri mbandakucha, kenaka anthu khumi azule masamba a katundu wake, osagula. Tsumba muzingoliyang'ana: likhale lobiriwira, lowuma bwino, losafota. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi chilonda cha pa phesi. Chodulidwa lero kapena dzulo chimakhala choyera ndi cholimba pamenepo. Mukaona pakuda, pofewa, kapena pali nkhungu, chisiyeni ngakhale akuchotsereni mtengo, chifukwa kuola kwa chinanazi kumalowera pa phesi n'kukwera ndi mtima wake, kunja kukuoneka bwinobwino.

Ndipo musachite manyazi kufunsa. "Achemwali, chimenechi mwadula liti?" Wogulitsa amene walima yekha adzakuyankhani mosabisa, mwinanso adzakufunsani kuti, "Mukudya lero kapena mukupita nacho kutali, amayi?" Funso limenelo ndi la nzeru, ndipo muliyankhe moona. Chodya lero kapena mawa chikhale chachikasu kufika pafupi ndi tsumba. Chopita nacho ku Lilongwe, kapena chokagulitsa, chikhale chachikasu kunsi kokha kapena kulekeza pakati, koma fungo likhalepo. Ngati mukugula zambiri, za ukwati kapena za malonda a gulu, pemphani kuti akudulireni chimodzi cha pa mulu womwewo mulawe, ndipo chimenecho mulipire. Kunenerera mtengo n'kwachibadwa pamsika, ndipo basela sakanidwa, koma ine zimandiwawa kuona mayi wovala bwino wa m'tauni akukanirira kuti agule chipatso cha zaka ziwiri pa mtengo wosakwana n'kabokosi ka machesi komwe.

Mwasankha bwino, koma ntchito sinathe. Zinanazi zambiri zimawonongekera pa ulendo. Khungu lake limaoneka lolimba ngati la ng'ona, koma m'kati n'chanthete, ndipo paliponse pamene chagundika pamasanduka bala lofiirira, lamadzimadzi, pofika mawa. Musachiponye m'thumba pansi pa chinangwa ndi mbatata. Yalani masamba a nthochi m'dengu kapena m'katoni, muzigoneke chammbali, tsumba la china ligundane ndi kunsi kwa chinzake, kuti masambawo akhale ngati nkhata pakati pawo. Musasanjikize mizere yoposa iwiri kapena itatu. M'minibasi kanani kuti kondakitala aike katundu wina pamwamba pake, kapena kuti dengu likhale pamene pamatentha ndi injini. Jumbo yomanga pakamwa ndi mdani wake, pakuti chimachita thukuta m'menemo n'kuyamba kusasa.

Pofika kunyumba chiikeni pamthunzi podutsa mphepo, pathandala kapena pa shelefu, osati pansi pa simenti yonyowa kapena pafupi ndi moto. Musachitsuke kufikira nthawi yochisenda. Chakupsa bwino chimakhala masiku awiri kapena atatu m'nyengo yotentha, chachikasu kunsi kokha chingafike masiku asanu. Kupitirira apo mukupikisana ndi kuola. Tsiku ndi tsiku muzichinunkhiza, ndipo chimene fungo lakula ndicho chiyambe kudyedwa.

Mwina munamvapo kuti chinanazi muzichiimika chadodolido, tsumba pansi, kuti shuga atsikire kumutu. Shuga sayenda motero ayi, ali m'timatumba ta mnofu ndipo amakhala pamene ali. Komabe kuimika chadodolido kuli ndi phindu lina, ndipo alimi ena amachita zimenezi akangodula: chilonda cha pa phesi chimauma msanga chikayang'ana kumwamba, nkhungu siilowa, ndiponso kunsi kofewa kuja sikusenza kulemera kwa chipatso chonse. Tsono chiimikeni ndithu ngati mufuna, koma musayembekeze kuti chowawasa chisanduka uchi.

Amene muli ndi firiji samalani. Chinanazi ndi mwana wa kotentha, ndipo kuzizira kochepera madigiri 7 kumachipweteka. Firiji ya m'nyumba imazizira kuposa pamenepo. Mukaikamo chosapsa bwino n'kuchisiya masiku ambiri, mudzachipeza chada m'kati mozungulira mtima, kukoma kutathawa. Chakupsa kale mungachiikemo masiku owerengeka, m'kabati ya pansi ya ndiwo zamasamba. Chosenda ndi chodula ndicho choyenera m'firiji: chiikeni m'mbale yovundikira yagalasi kapena yapulasitiki, ndipo chithe pasanapite masiku atatu kapena anayi. Musachisunge m'poto wa aluminiyamu kapena m'mbale yachitsulo yosupuka, chifukwa madzi ake owawasa amadya chitsulo n'kutenga kukoma kwachilendo. Magetsi akazima tsiku lonse, chinunkhizeni musanapatse ana. Ngati muli ndi mbali youmitsa madzi, zidutswa zimakhala miyezi ingapo m'menemo, ngakhale kuti zikasungunuka zimafewa ndipo zimayenera zakumwa kapena zophika. Kwa ife ambiri amene tilibe firiji lamulo ndi lalifupi: chimene mwasenda lero chithe lero, chotsala chiphikidwe.

Posenda, sambani m'manja, tsukani khungu ndi madzi abwino, dulani tsumba ndi kunsi, muchiimike pa thabwa n'kusenda kuchokera kumwamba kutsika. Musazamitse mpeni, pakuti mnofu wa kufupi ndi khungu ndiwo wotsekemera kwambiri. Maso otsalira muwachotse ndi nsonga ya mpeni. Ndipo nali langizo la mtendere wa pabanja. Popeza kunsi n'kotsekemera kuposa kumutu, mukadula mozungulira ngati mawilo, mwana wina adzadya uchi pamene mnzake akukwinya nkhope. Dulani m'litali, kuchokera kumutu kufika kunsi, kuti aliyense alandire mbali zonse ziwiri.

Ana akadandaula kuti lilime likuyabwa kapena milomo ikuwawa, musaganize kuti chipatso chili ndi poizoni. M'chinanazi chachiwisi muli mphamvu ina yotchedwa bromelain, imene imafewetsa nyama, ndipo imachuluka mumtima ndi m'phesi. Ndiyo imene imakanda lilime. Mphamvu yomweyo ingakuthandizeni pa nyama yolimba ya ng'ombe kapena nkhuku yachikuda yokalamba: ipakeni madzi a chinanazi kwa theka la ola kapena ola limodzi musanaphike, koma mukagoneka usiku wonse nyama idzasanduka phala. Ndiyonso imene imawawitsa mkaka mukausakaniza ndi chinanazi n'kuusiya, ndi kulepheretsa jele kugwira. Moto umaipha, kotero chinanazi chophika sichichita zonsezi. Koma chachiwisi chili ndi ubwino wake, pakuti chili ndi vitamini C wambiri, amene amachepa chikaphikidwa.

Tibwerere ku Mulanje pang'ono. M'masabata amene chinanazi chafika pachimake, minda yonse imapsa nthawi imodzi, mtengo umagwa, ndipo madzulo mumaona milu yosagulidwa ikuyamba kudontha m'mbali mwa msewu. Amayi achikulire akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1980 ku Mulanje kunali fakitale ya ADMARC yoika zipatso m'zitini, ndipo zitini zolembedwa Mulanje Peak zinkapezeka m'masitolo. Chitini chimachita chimene dengu silingathe, ndicho kuimitsa chipatso pa tsiku limene chakoma. Ife m'magulu athu a amayi tingachite zofanana ndi zimenezo pa mbaula. Tengani makapu anayi a chinanazi chakupsa chodula tizidutswa ting'onoting'ono, makapu atatu a shuga, ndi madzi a mandimu awiri. Mandimu musawaiwale, chifukwa chinanazi pachokha sichigwira bwino. Yambani kuphika chinanazi chokha mpaka chifewe, kenaka thirani shuga ndi mandimu, muzitakasa kuti chisapserere. Dontheza pang'ono pa mbale yozizira: likapanda kuyenderera, jamu wapsa. Mabotolo ndi zitsekero zake muziwiritse m'madzi kwa mphindi khumi, muthiremo jamu akadali wotentha, n'kutseka zolimba. Wotsekedwa bwino amakhala miyezi. Koma musanyengedwe kuti jamu ndi manda a zipatso zoola. Chimene chayamba kununkha mowa chidzawononga mphika wonse.

Kuyanika nakonso n'kotheka, tizidutswa topyapyala pa chiyanikiro chophimba ndi pulasitiki woonekera, koma pakuti chinanazi chimachuluka nthawi ya mvula, pamafunika masiku a dzuwa otsatizana, apo ayi chimachita nkhungu. Makoko otsuka bwino musataye. Awiritseni ndi jinja pang'ono, musefe, muthire shuga, ndipo mwapeza chakumwa cha ana cha tsiku limenelo.

Pobwerera, galimoto ikamadutsanso patsinde pa phiri, yang'anani zipsera zofiira ndi zoyera zimene zatsika m'mathanthwe. Zina mwa izo ndi za namondwe wa Freddy, amene m'mwezi wa Malichi 2023 anagwetsa miyala ndi matope m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, nakokolola midzi, milatho ndi minda, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Mlimi wa chimanga amene anapulumuka anadzalanso chaka chomwecho mvula itabwera. Wa chinanazi anayenera kufunafuna mbewu kwa anansi, kudzala, n'kuyambiranso kuwerenga miyezi khumi ndi isanu ndi itatu. N'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa kudzala mizere yopingasa phiri, osati yotsika nalo, kuti mizu ndi masamba zigwire dothi.

Tsumba lija munadula posenda musaliponye kudzala. Chotsani mnofu wonse wotsalira kunsi kwake, thotholani masamba ang'onoang'ono a m'munsi mpaka muone timizu tonga timadontho, ndipo muliyanike pamthunzi chadodolido masiku atatu kapena anayi kuti chilonda chiume. Kenaka lidzaleni kuseri kwa nyumba pamalo a dzuwa, posadikha madzi, mutathira manyowa owolerana, ndipo musalole dothi kulowa pakati pa masamba. Likagwira silifuna madzi ambiri. Kumadera ozizira kwambiri monga ku Dedza limakula mochedwa, koma kumadera ofunda limachita bwino. Mukadzala mu Januwale, Khirisimasi yoyamba idzadutsa muli ndi masamba okha. Muyambe kusuzumira pakati pake chaka chachiwiri, ndipo kamutu kofiira kakatuluka muwerenge miyezi isanu, kenaka muziyang'ana kunsi kwa chipatso m'mawa uliwonse mpaka chikasu chikwere kufika pakati.